Zaka zikachoka papepala n'kukhala pankhope

M'buku la Jane Eyre, limene Charlotte Brontë anatulutsa mu 1847, muli kachigawo kamene owerenga ambiri amakadutsa mothamanga. Rochester atangomufunsira Jane, Mayi Fairfax, amene amayang'anira nyumba yonse ya Thornfield, akumutsina khutu mtsikanayo. Sakumukalipira ayi. Akungomukumbutsa modekha kuti pakati pa awiriwa pali zaka 20, moti mwamunayo akanatha kukhala bambo ake omubereka. Jane anafika panyumbapo ali ndi zaka 18, kudzaphunzitsa kamtsikana kamene Rochester akulera, ndipo malipiro ake, mapaundi 30 pachaka, amachokera m'thumba la mwamuna yemwe akufuna kumukwatirayo.

Yankho la Jane ndi limene limandigwira mtima nthawi zonse. Akukanitsitsa, akuti munthu aliyense wowaona ali limodzi sangaganize zoterozo, chifukwa Rochester amaoneka wachinyamata ngati amuna ena a zaka 25. Wowerenga amamukhulupirira, nanga angatani? Buku lonse likuyankhula ndi pakamwa pa Jane, maso amene tikuonera Rochester ndi a Jane, ndipo palibe zenera lina loti tisuzumirepo tokha. Koma tsiku limene nkhaniyi yaikidwa pa wailesi ya kanema, mawu a Janewo amayesedwa pagulu. Tsopano tikuwaonadi ali limodzi, chithunzi chimodzi, nkhope ziwiri moyandikana, ndipo aliyense wokhala patsogolo pa kanemayo akudziwerengera yekha zakazo.

Apa m'pamene pagona ntchito yonse ya anthu amene amatenga mabuku achikondi cha anthu osiyana kwambiri msinkhu n'kuwasandutsa masewero a pa kanema.

M'buku, msinkhu ndi nambala. Umaiwerenga kamodzi koyambirira, kenako imamira m'masamba mazana otsatira, ndipo chimene chimatsala m'mutu ndi mawu a mwamunayo, nthabwala zake, chisoni chake, kaonedwe kamene wamkaziyo akumuonera. Wowerenga aliyense amadziumbira yekha nkhope imene mtima wake ukuvomereza. Kamera ilibe chifundo chotere. Imaonetsa imvi m'mbali mwa makutu, makwinya a pakhosi, kayendedwe ka munthu amene mawondo ayamba kulemera, ndipo pambali pakepo imaonetsa khungu la munthu amene watuluka kumene m'chinyamata. Sichita zimenezi kamodzi, imachita mphindi iliyonse ya gawo lililonse.

Kanema amalandanso chinthu china chachikulu kuposa chimenecho, chomwe ndi mawu a mumtima. Mabuku ambiri a mtunduwu amafotokozedwa ndi wamng'onoyo, ndipo nzeru zake, kukayika kwake ndi kusankha kwake timazimva mwachindunji. Timadziwa kuti sakungotengeka ngati tsamba pamadzi, akuganiza. Pa kanema maganizowo samveka pokhapokha atayankhulidwa kapena ataonekera m'zochita. Sewero la Conversations with Friends, lochokera m'buku la Sally Rooney la 2017 ndipo linaonetsedwa pa BBC ndi Hulu mu 2022, linakumana ndi khoma limeneli. Frances, wophunzira wa pa yunivesite ku Dublin wa zaka 21, ali pachibwenzi ndi Nick, mwamuna wapabanja wa zaka 32. M'buku, mutu wa Frances ndi wodzaza, amasanthula chilichonse, ngakhale pakamwa amayankhula pang'ono. M'magawo 12 a sewerolo chimene chimatsala kwambiri ndi kukhala chete kwakeko, ndipo mtsikana wachete pambali pa mwamuna wamkulu amaoneka wofooka kuposa mmene wolemba anamulengera.

Kuchepetsa mpata

Njira yoyamba imene opanga masewerowa amathawirako ndi yosankha osewera. Nambala ya m'buku amaisiya momwemo, kapena saitchula n'komwe, koma mtsikana amamupatsa wosewera wokulirapo, mwamuna n'kumupatsa wosewera wooneka wanthete. Mu Jane Eyre wa BBC wa 2006, Ruth Wilson ndi Toby Stephens amasiyana zaka pafupifupi 13, osati 20. Emma wa Jane Austen ali ndi zaka 20 pamene Knightley, mwamuna amene adzamukwatire, ali ndi 37 kapena 38, koma mu sewero la BBC la 2009, Romola Garai anali atadutsa zaka 25 ndipo Jonny Lee Miller amamuposa ndi zaka 10 zokha. Marianne wa mu Sense and Sensibility sanakwanitse n'komwe zaka 17 pamene Colonel Brandon wa zaka 35 akuyamba kumusirira, ndipo Marianneyo amamuseka kuti ndi nkhalamba yodandaula nyamakazi. Mu sewero la BBC la 2008 anamusewera Charity Wakefield, yemwe anabadwa mu 1980.

Zifukwa zake si zachinyengo zokhazokha. Malamulo a ntchito m'mayiko amene masewerowa amajambulidwa amaika malire pa maola amene mwana angagwire ntchito, ndipo kujambula sewero la magawo angapo kumadya miyezi. Malamulo amaletsanso kujambula mwana m'zochitika zakuchipinda. Udindo waukulu umafuna wosewera amene wapsa kale pantchito, komanso mwini ndalama amafuna nkhope imene anthu akuidziwa. Zonsezi zimakankhira msinkhu wa wosewera wamkazi m'mwamba. Chimene chimakankhira wa mwamuna pansi ndi msika basi, chifukwa oonera nkhani zachikondi amafuna mwamuna woti nawonso amukhumbe.

Koma kuchepetsa mpata kuli ndi mtengo wake, ndipo Rebecca wa Daphne du Maurier, buku la 1938, amaonetsa bwino mtengowo. Wofotokoza nkhaniyo, yemwe dzina lake sitiuzidwa, ndi mtsikana wosauka wongodutsa kumene zaka 20, wokwatiwa ndi Maxim de Winter wa zaka 42, mwini nyumba yaikulu ya Manderley. Mantha ake onse, kuopa antchito a m'nyumba yake yomwe, kubisa zidutswa za kachiboliboli kamene waswa ngati mwana woopa chikwapu, zimachokera poti mwamuna wake amamutenga ngati mwana ndipo iye amadzionanso choncho. Sewero la ITV la 1997 silinabise zimenezi: Charles Dance amaposa Emilia Fox ndi zaka 28, ndipo ukawaona atakhala patebulo limodzi umamvetsa chifukwa chake mkaziyo akuopa kufunsa mafunso. Filimu ya Netflix ya 2020 inasankha Armie Hammer ndi Lily James, osiyana zaka zitatu zokha. Awiriwo ndi okongola, akuyenerana, ndipo n'chifukwa chake mantha a mkaziyo alibe mizu. Ukachotsa zakazo wachotsa mzati wa nyumba.

Njira yachiwiri ndi yosintha nambala yeniyeniyo. Mu buku la Julia Quinn limene linabala chigawo chachiwiri cha Bridgerton, Kate ali ndi zaka pafupifupi 21, koma pa Netflix anamupatsa 26. Mu Rivals wa Jilly Cooper, buku la 1988, Taggie ali ndi zaka 18 pamene Rupert Campbell-Black, katswiri wakale wokwera mahatchi amene tsopano ndi nduna ya zamasewera ndiponso wodziwika ndi chimasomaso, wayandikira 40. Sewero la Disney+ la 2024 linamukweza Taggie kufika pa 20. Zaka ziwiri zimaoneka zochepa, koma zimamuchotsa pakhomo penipeni pa ubwana, ndipo olemba sewerolo anadziwa kuti oonera a 2024 si owerenga a 1988. Pali mawu enanso amene papepala amadutsa koma m'kamwa mwa wosewera amawawa. Kumapeto kwa Emma, Knightley amaulula kuti wakhala akumukonda kuyambira ali ndi zaka 13. Austen anaziika ngati nthabwala ya anthu awiri otomerana. Wolemba sewero lero akafika pamzere umenewo amayenera kuima kaye.

Pamene anamudziwa ali mwana

Mawu a Knightleywo akutifikitsa pa nkhani yovuta kwambiri m'gulu lonseli, yomwe ndi ya mwamuna amene anamudziwa mkaziyo ali kamwana. Palibe sewero limene linayenda pachingwe chimenechi pamaso pa anthu ochuluka kuposa The Thorn Birds, limene ABC inaonetsa ku America mu March 1983 kuchokera m'buku la Colleen McCullough la 1977. Pa nthawiyo, mwa masewero a magawo ochepa, ndi Roots yekha amene anali ataonedwa ndi anthu ambiri kuposa ili.

Nkhani yake ili ku Australia, pafamu yaikulu ya nkhosa yotchedwa Drogheda. Banja losauka la a Cleary likufika kuchokera ku New Zealand, ndipo wodzawachingamira pasiteshoni ya sitima ndi wansembe wachikatolika wa zaka 28, Ralph de Bricassart. Pakati pa anyamata ambirimbiri a banjalo pali kamtsikana kamodzi, Meggie, ka zaka pafupifupi 10, kamene mayi ake sakasamala kwenikweni. Wansembeyo ndiye amakaona. Amakayankhula, amakatonthoza, amakaphunzitsa kukwera hatchi, amakhala bambo, mchimwene ndi bwenzi pamodzi. Patapita zaka, awiriwa amadzabereka mwana, Ralph ali panjira yokhala kadinala.

Taonani mmene kanema anawolokera mtsinje umenewu. Meggie wamng'ono anamusewera Sydney Penny, mwana weniweni. Kenako pamabwera phwando la tsiku lobadwa la Mary Carson, mwini famuyo, ndipo amene akutulukira atavala deresi la mtundu wa duwa lofwifwa si Penny ayi, ndi Rachel Ward, mayi wa zaka za m'ma 20. Richard Chamberlain, wosewera Ralph, ndi yemwe uja, nkhope yomweyo. Iye akutembenuka, akumuona, ndipo oonera akuona naye limodzi mkazi watsopano. M'buku mulibe mpata wotere. Meggie ndi munthu mmodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, amakula pang'onopang'ono m'manja mwa wansembeyo, ndipo wowerenga sangathawe mfundo yoti mtima wa mtsikanayu unaumbidwa ndi munthu yemwe akudzaufunayo. Kusintha wosewera kumadula chingwe chimenecho. Maso amauza ubongo kuti mwana uja anapita, uyu ndi wina.

Sindikunena kuti anachita izi ndi mtima woipa, pakuti wosewera mmodzi sangakhale wa zaka 10 ndi 50 m'sewero limodzi. Koma zotsatira zake n'zenizeni, ndipo zimandivutitsa maganizo chifukwa sewerolo ndi lokoma, nyimbo zake zimalowa m'mafupa, ndipo mamiliyoni analira nalo osadzifunsa funso limene akanafunsa zikanachitika kwa mwana wa mnansi wawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero anthu ali ndi mawu ofotokozera khalidwe la wamkulu amene amazolowetsa mwana kuti adzamukonde, ndipo woonera The Thorn Birds koyamba masiku ano saiona mmene anaionera makolo ake. Chimene ndingayamikire sewerolo n'choti silimuyeretsa Ralph. Mary Carson pomwalira amasiya chuma cha mapaundi 13 miliyoni ku mpingo, m'manja mwa Ralph, podziwa kuti akachilandira akwera maudindo ndipo Meggie amusiya. Amachilandira. Nthawi iliyonse imene wapatsidwa mwayi wosankha, wosankha ndi iye, wolipira ndi Meggie.

Ndipo apa m'pamene ndaima ine. Chimene chimalemera m'nkhanizi si zaka pazokha. Anthu awiri akuluakulu, aliyense wodziimira payekha, akhoza kusiyana zaka 15 popanda wina kuponderezedwa. Chimene chimalemera ndi mphamvu imene zakazo zimabwera nayo: ndani akulipira mnzake, nyumba ndi ya yani, ndani angachoke mawa osagona ndi njala, ndani anamudziwa mnzake asanakhwime maganizo. Rochester ndi bwana wa Jane. Knightley ndi munthu amene wakhala akumudzudzula ndi kumulangiza Emma kuyambira ubwana. Ralph ndi wansembe wa banja lonse. Opanga masewero ambiri amachotsa makwinya n'kusiya mphamvuyo ili chilili, ndipo kutero n'koopsa kuposa kusiya zonse poyera, chifukwa woonera saonanso chizindikiro chomuchenjeza.

Pretty Little Liars ndi chitsanzo chimene chimandipweteka kwambiri. Mabuku a Sara Shepard, amene anayamba kutuluka mu 2006, kwenikweni ndi a zinsinsi ndi ziwembu za atsikana a kusekondale, koma mkati mwake muli chibwenzi cha Aria, wa zaka 16, ndi Ezra, mphunzitsi wake wa Chingerezi. M'mabukumo chibwenzicho sichipita patali, chimaululika ndipo apolisi amamugwira mphunzitsiyo. Pa kanema, kuyambira 2010 mpaka 2017, chinakhala chimodzi mwa zibwenzi zikuluzikulu za sewero lonse, ndipo m'gawo lomaliza awiriwo anamanga woyera. Lucy Hale, wosewera Aria, anali ndi zaka pafupifupi 21 sewerolo likuyamba, ndipo Ian Harding amamuposa ndi zaka zosakwana zitatu. M'maso amaoneka ngati anthu a msinkhu umodzi. Mnyamata wofatsa, wokonda mabuku, wa nkhope yosalala, ndani angamutche chidyamakanda? Komatu m'nkhanimo ndi mphunzitsi amene akulemba malikisi a mwanayo. Mayiko ambiri amaona nkhani ya mphunzitsi ngati yapadera. Ku England, mwachitsanzo, msinkhu wovomerezeka kugonana ndi 16, koma lamulo la 2003 limaletsa mphunzitsi kuchita zimenezi ndi wophunzira wake wosakwana zaka 18, chifukwa chomwecho cha mphamvu.

Chinachititsa n'chiyani kuti sewero lipite kumene buku linakana kupita? Yankho lili m'kapangidwe ka wailesi ya kanema. Buku limatha, wolemba amatseka chitseko. Sewero limene likuonedwa ndi anthu ambiri silifuna kutha, limawonjezeredwa chaka ndi chaka, ndipo olemba amamvetsera zimene oonera akukonda. Osewera awiri akagwirizana bwino pa kamera, otsatira sewerolo amayamba kuwachemerera pa intaneti, ndipo kuthetsa chibwenzicho kumakhala ngati kutaya makasitomala. Pretty Little Liars anakhala zigawo 7, magawo 160, ndipo oonera ake ambiri anali atsikana a msinkhu wa Aria yemweyo.

Si masewero onse amene amabisa. Ku Turkey, buku la Halit Ziya Uşaklıgil lotchedwa Aşk-ı Memnu, lolembedwa cha m'ma 1900, linajambulidwa ndi wailesi ya kanema ya TRT mu 1975, kenako Kanal D inalijambulanso kuyambira 2008 mpaka 2010 n'kulisamutsira mu Istanbul wamakono. Bihter, mtsikana wokongola, akukwatiwa ndi Adnan, mpondamatiki wamasiye wa ana awiri amene amamuposa kutali msinkhu, mwa zina pofuna kupsetsa mtima mayi ake omwe ankamufunanso bamboyo. Pano imvi za mwamuna ndiye injini ya nkhani. Adnan si chilombo, ndi munthu waulemu, koma nyumba yake yaikuluyo kwa Bihter ndi khola, ndipo mtima wake umathawira kwa Behlül, wachibale wachinyamata wa mwamuna wake wokhala m'nyumba momwemo. Mapeto ake ndi imfa. Sewerolo linagulitsidwa m'mayiko ambiri, umboni woti oonera satopa ndi nkhani yonena zoona za ukwati wotere.

Mkazi akakhala wamkulu

Zinthu zimatembenuka mkazi akakhala wamkulu, ndipo kusalungama kwake kumaonekera msanga. Mu The Thorn Birds momwemo, Mary Carson, mayi wodutsa zaka 70, amamufuna Ralph ndi thupi lake lonse. Barbara Stanwyck anasewera udindowu mwaluso mpaka kulandira mphoto ya Emmy, ndipo pali malo amene mayiyo akumuuza wansembeyo mokuwa kuti m'kati mwa thupi lokalambalo akadali wachitsikana, akadali ndi chilakolako. Mtima suvala nsanza. Koma nkhaniyo imaika chikondi chake ngati chinthu chonyansa chobala nkhanza, pamene cha Ralph kwa mtsikana amene anamulera imachiika ngati tsoka lokongola.

Masewero a zaka zaposachedwa ayesa kukonza zimenezi, ngakhale akuyenda mwamantha. Younger, wochokera m'buku la Pamela Redmond Satran ndipo anaonetsedwa kuyambira 2015 mpaka 2021, ndi nkhani ya Liza, mayi wa zaka 40 amene banja lake latha, yemwe akunama kuti ali ndi 26 kuti apeze ntchito pakampani yosindikiza mabuku, n'kupezeka ali pachibwenzi ndi Josh wa zaka 26. Rochester sanafunikepo kubisa msinkhu wake, koma Liza nkhani yake yonse yaima pa bodza la zaka. The Idea of You, buku la Robinne Lee la 2017 limene Prime Video inatulutsa ngati filimu mu 2024, linasinthidwa m'malo atatu akuluakulu. Hayes, woimba wotchuka amene ali pachibwenzi ndi Solène, mayi wa zaka pafupifupi 40, anachoka pa zaka 20 kufika pa 24. Mwana wamkazi wa Solène anakwezedwa kuchoka pa 12 kufika pa 16. Ndipo mapeto anatembenuzidwa: m'buku Solène amathetsa chibwenzicho osabwereranso, makamaka poona mmene chipongwe cha anthu chikuzunzira mwana wake, pamene mu filimu awiriwo amakumananso patapita zaka zisanu. Ambiri anakondwera ndi mapeto atsopanowo, ndipo ndikumvetsa, pakuti okonda nkhani zachikondi amayembekezera kuti okondana atsirize ali limodzi. Koma Lee analemba buku lonena za mmene dziko limalangira mayi wa zaka 40 akaonetsa kuti akadali ndi mtima wofuna, ndipo chilangocho chikachotsedwa uthengawo umapepuka.

Palinso mphamvu ina imene oonera saiona, ya kuseri kwa kamera. Wosewera wachitsikana amene ndi ntchito yake yoyamba, ataima pamaso pa mwamuna wotchuka amene wakhala m'ntchitoyi zaka 20, ali pamalo ofanana ndi a munthu amene akumuseweretsayo. Kukana kanthu n'kovuta. N'chifukwa chake ntchito ya intimacy coordinator, munthu wokonza ndi kuyang'anira zochitika zachikondi kuti aliyense adziwiretu chimene chichitike ndipo avomereze, yakula kwambiri kuyambira 2018, pamene HBO inalengeza kuti munthu wotere azikhalapo pa masewero ake onse okhala ndi zochitika zakuchipinda. Kwa masewero a anthu osiyana msinkhu, kusinthaku n'kofunika kuposa kukweza nambala papepala.

Kutalika kwa masewero a pa kanema, kumene kunaononga nkhani ya Aria, kukhozanso kukhala mankhwala, ndipo izi zikundibwezera kwa Jane. Brontë ankadziwa bwino kuti Mayi Fairfax sakulakwitsa. Chibwenzi chitangoyamba, Rochester akufuna kumuveka Jane ndolo ndi mikanda ya banja lake, akumutengera kusitolo kukamugulira nsalu zodula, ndipo Jane akumva manyazi ndi kunyozeka, moti akulembera amalume ake a ku Madeira poganiza kuti atakhala ndi kangachepe kakekake angapirire kusungidwa ndi mwamuna. Tsiku laukwati chinsinsi chikuululika kuti Rochester ali ndi mkazi wamoyo amene anamutsekera m'chipinda chapamwamba. Bamboyo akumuchonderera kuti athawire limodzi kunja. Jane akunyamuka m'bandakucha, ndi kandalama kochepa kamene kakutha msanga, akugona kutchire, akupempha chakudya m'makomo.

Chotsatira ndi chigawo chimene mafilimu a maola awiri amakonda kuchifupikitsa chifukwa Rochester mulibemo. Jane akukhala ndi banja la a Rivers, akuphunzitsa ana a alimi pasukulu ya kumudzi, akupeza kuti anthu amene anamutolawo ndi abale ake, akulandira chuma cha mapaundi 20,000 chosiyidwa ndi amalume aja n'kuchigawa panayi, akukana ukwati wa St John Rivers, m'busa wachinyamata amene akumufuna ngati mnzake wa ntchito ya umishonale ku India. Wopanga filimu akayang'ana wotchi amaona ngati nkhani yaima. Komatu m'chigawo chimenechi m'mene zaka 20 zija zikutha mphamvu. Sewero la BBC la 1983 linali ndi magawo 11, la 2006 linali ndi maola anayi, ndipo onse awiri anali ndi malo oti timuone Jane akukhala moyo wopanda Rochester, akudya thukuta lake, ali ndi abale, ali ndi mwamuna wina womufuna, ali ndi kopita.

Akamabwerera, Thornfield yapsa. Rochester wachita khungu, dzanja limodzi laduka, akukhala m'nyumba yachinyezi ya Ferndean pakati pa nkhalango ndi antchito awiri okha. Jane akulanda thireyi m'manja mwa wantchito, pali tambula ya madzi ndi makandulo, akulowa nayo yekha m'chipindamo manja akunjenjemera mpaka madzi kutayikira. Galu Pilot akumuzindikira msanga kuposa mbuye wake. Rochester atagwira zala zake n'kudziwa kuti ndi iye, akumufunsa ngati wakhala akuvutika pakati pa anthu achilendo, ndipo Jane akumuuza kuti tsopano ndi mkazi wodziimira payekha, ali ndi mapaundi 5,000 akeake, ndipo bamboyo akakana kuti azikhala naye, atha kumanga nyumba yake pafupi ndi khomo lakelo kuti azibwera kudzacheza madzulo.